Geti la Kumabwinja

Uthenga unalowa m'foni kusanayere bwinobwino, ine ndisanavale ndi nsapato zomwe.

"Ndafika. Dzuwa likatuluka iwe kulibe, ndikakusumira kwa amonke."

Ndinaseka ndekhandekha m'khitchini mpaka Gyp, galu wathu, anadzutsa khutu limodzi n'kundiyang'ana. Amonke ake ati? Amonke a ku Skarrow, anthu a Mulungu odzipatula aja, anachoka zaka mazana angapo zapitazo, anatisiyira makoma opanda denga ndi akhwangwala basi. Koma Tobias Pell, wokondedwa wanga, amawatchula ngati anthu amene amamwa nawo tiyi.

Ndinatenga jekete n'kutuluka monyang'ama. Taganizani, mkazi wa zaka 27, woyendetsa thirakitala, kumazemba pakhomo ngati mwana wa sukulu. Chikondi chilibe manyazi ndithu.

Ine ndi Tobias tinakumana chaka chatha pa mabwinja omwewo, m'munsi mwa busa lathu. Iye anachokera ku mzinda wa Leeds kudzajambula, ine ndinkafuna nkhosa yosochera. Nkhosayo ndinaipeza, koma ndinabwerera kunyumba mutu utazungulira. Vuto linali bambo anga, a Clifford Raistrick. Kwa iwo mwamuna wosadziwa kugwira nkhosa ndi mlendo chabe, ngakhale atavala bwanji. Chimwalirireni mayi tinatsala awiri pa famu, ndipo ndinalumbira mumtima kuti sindidzakwatiwa bambo atandifulatira. Ndinawanyengerera miyezi isanu ndi umodzi. Sabata imeneyo ndi pamene anati, maso ali m'kapu ya tiyi, "Abwere Lamlungu adzadye nafe. Ndimuone." Mwayi unali womwewo, ndipo tsikulo linali mawa lake.

*

Ndinamupeza atagona chafufumimba pa udzu wa mame, kamera ili pa choimikira chake, akuyang'ana zenera lalikulu lakum'mawa la tchalitchi cha amonkewo.

"Wachedwa, mwana wa a Raistrick," anatero osatembenuka.

"Ena timakhala ndi ntchito, bambo. Sitigona pa udzu ngati abuluzi."

"Thamanga, kaime pakati pa zipilala ziwirizo. Ayi, apo ayi, kumanzere pang'ono. Thea, chonde, kwatsala mphindi ziwiri!"

"Tsitsi langali waliona koma?"

"Ndaliona. Lamenyana ndi mphepo ndipo lapambana. Ima!"

Ndinaima. Ine ndakulira pa makoma amenewa. Ndabisalapo, ndakalipidwapo chifukwa chowakwera, ndipo kwa ine anali malo ongousapo nkhosa dzuwa likalusa. Koma m'mawa umenewo dzuwa linasuzumira pa phiri n'kulowa pa zenera lija, ndipo tchalitchi chonse chopanda denga chinayaka kuti psuu. Akhwangwala anadzuka onse pamodzi. Thupi langa linachita tsemwe, ndipo ndinamvetsa chimene munthuyu amadzukira m'bandakucha.

Tobias anadina kena kake pa kamera n'kuyamba kuthamangira kwa ine.

"Nanga kamera wasiyira ndani?"

"Ijambula yokha. Tili ndi masekondi khumi!"

Anafika ali wefuwefu, anagwada, ndipo bondo lake linatera ndendende pa ndowe za nkhosa. Sanazione n'komwe. M'manja mwake munali kamphete ka mwala wobiriwira.

"Thea Raistrick, ndilibe nkhosa ngakhale imodzi. Udzu ndi tirigu kwa ine ndi chimodzimodzi. Koma ndikufuna ndikalambe ndikuyang'ana iweyo. Undilola?"

"Eya!" Ndinakuwa mokweza moti makoma anandibwezera mawu. Ndinalira, ndinaseka, ndinamumenya pa phewa. Kamera inkangojambula uko. "Eya, eya! Ndipo wagwada pa ndowe, chitsiru changa."

"Madalitso a amonke amenewo."

"Koma tamvera." Ndinamugwira masaya onse awiri. "Mpheteyi ndiivala mawa Adadi akavomera. Lero ikhala m'thumba. Mawa uvale shati yabwino, usatsutse chilichonse, ndipo akakufunsa za nkhosa ungoti sudziwa. Amadana ndi munthu wodziyesa katswiri."

"Ndikhala womvera kuposa Gyp."

Ndinalumpha mpanda wa miyala n'kudzera chidule kubwerera kunyumba, miyendo isakumva pansi. Iye anatsala kuti ajambulebe, ati adzera njira yakumtunda popita pomwe anasiya galimoto. Ndikanadziwa, ndikanamuperekeza nditamugwira dzanja.

*

Loweruka limenelo kunatentha ngati si kwathu kuno. Julaye anali atalusa sabata yonse, koma tsikulo anaonjeza. Bambo anapita kukathandiza a Alderson, oyandikana nafe, kututa udzu. Ine ndi Anti Maureen, mlongo wa bambo, tinapita ku tauni kukagula zophika za Lamlungu.

"Iwe wakhala ukumwetulira kuyambira kunyumba mpaka kwa wogulitsa nyama," anatero Anti titaima pa mzere. "Wadwala?"

"Ndi dzuwali, Anti."

"Dzuwa liti? Wakufunsira eti?"

"Anti!"

"Usandinamize ine, mwanawe, matewera ako ndachapa ndine. Taonetsa." Ndinawaonetsa mobisa, m'chikwama. Anagwira pachifuwa. "Ha! Koma mnyamatayu maso ali nawo. Clifford asakuopseze. Nayenso pofunsira mayi ako anali ndi njinga yakapalasa basi, ndiponso yobwereka."

Tinazungulira msika, tinamwa tiyi, tinasankha diresi, tinalibweza. Foni ndinali nditaiponya m'galimoto m'mamawa osaiyang'ananso. Pomwe tinkabwerera inali 3 koloko, ndipo ndinapeza mauthenga asanu ndi atatu. Zithunzi! Ine pakamwa yasa, iye atagwada, kuwala kuli mbee kumbuyo kwathu. Ndinapsompsona foni pamaso pa Anti. Kenako ndinafika pa uthenga womaliza, wotumizidwa 7 koloko m'mawa.

"Komanso ndakugwirirani ntchito yaulere. Geti lakumtunda kwa mabwinja wina analisiya pululu. Panali chimwala cholemera ngati ng'ombe, ndachigubuduza, ndatseka, ndamanganso ndi chingwe. Uwauze Adadi kuti mkamwini wayamba kale ntchito."

"Mayo ine!"

"Chatani?"

Geti limenelo silitsekedwa chilimwe chonse. Busa lakumtunda lilibe madzi, lilibe mtengo ndi umodzi womwe. Nkhosa zimatsikira pa getilo kukamwa ku kamtsinje ndi kukausa m'mithunzi ya mabwinja. Mwana aliyense wa m'chigwa chino amadziwa kuti geti umalisiya mmene walipezera, ndipo chimwala chikakhala pa geti ndiye kuti wina anachiika dala. Koma a m'tauni anaphunzitsidwa nyimbo imodzi yokha: tsekani geti, tsekani geti.

"Anti, mangani lamba," ndinatero, n'kuliza galimoto.

*

Tinamva kulira kwa nkhosa tisanazione. Bambo anali atafika kale, atadula chingwe, ndipo nkhosa zoposa zana ndi ana ake zinkapanikizana pa geti kuthamangira ku madzi. Pambali pawo panali Kester Alderson, mwana wa oyandikana nafe aja. Kester ndi wamtali, ndi wolimbikira ntchito, ndipo amadziwa kuti ndi wooneka bwino, lomwe ndi vuto lake lalikulu. Bambo akhala akundikankhira kwa iye kuyambira ndili ndi zaka 18.

Nkhosa zonse zinatsika kupatula imodzi. Beryl anali atagona m'mbali mwa mpanda, lilime kunja, nthiti zikukwera ndi kutsika mofulumira. Beryl ndi nkhosa yathu yaikazi yomwe yapambana kawiri pa chionetsero cha m'chigwa, ndipo imayenera kukapikisananso Loweruka lotsatira. Nthawi zina ndimaganiza kuti bambo amaikonda kuposa ine.

Tinainyamula atatu mpaka mumthunzi wa khoma la tchalitchi, pomwe ndinavomerera ukwati m'mawa womwewo. Ndinathamanga ndi ndowa kupita ku kamtsinje ndi kubwerera, kasanu, kakhumi, mpaka manja anachita dzanzi. Patapita ola, Beryl anadzutsa mutu n'kumwa yekha.

"Ikhala moyo," anatero bambo. "Koma za chionetsero chaka chino tiiwale." Anaimirira pang'onopang'ono. Mawu awo anali otsika, ndipo a Clifford akatsitsa mawu ndiye kuti zavuta. "Ndani watseka geti langa?"

"Ndine, Adadi."

Sindinaganize n'komwe. Mawuwo anangotuluka.

"Iwe?"

"Ndinadutsa m'mawa. Mutu sunali bwino. Pepani."

Kester anatola chingwe chija n'kuchikweza m'mwamba. "Taonani mfundoyi, a Clifford. Ngati riboni ya pa mphatso ya Khirisimasi. Thea, unayamba liti kumanga chonchi?"

"Lero, Kester. Uli ndi funso lina?"

Bambo anandiyang'ana nthawi yaitali. Anatenga chingwecho, anachiika m'thumba, anaitana Gyp, n'kumapita.

Kester ananditsatira mpaka ku galimoto. "Ukudzipheranji chifukwa cha munthu wa kamera? Galimoto yake ndaiona m'mawa pa msewu wakumtunda, usaganize kuti ndine wakhungu."

"Ndiye ukawauza?"

"Ine si kazitape." Anavula chipewa n'kupukuta thukuta. "Koma Thea, taganiza. Ine ndi iwe tikhoza kungogwetsa mpanda umodzi, mafamu awiri n'kukhala imodzi."

"Ukufunsira ine kapena busa?"

"Zonse ziwiri si tchimo."

Ndinamutsekera chitseko cha galimoto pamphuno.

*

Ndinamuimbira Tobias ndili kuseri kwa khola. Anayankha akuimba nyimbo. Nditamaliza kufotokoza, nyimbo inali itatha.

"Koma zikwangwani zonse zimati tsekani geti!"

"Chimwala chonse chija sichinakuuze kanthu?"

"Ndimayesa chinagwa pa mpanda. Thea, ine ndimafuna kuwasangalatsa. Mulungu wanga, nkhosayo ikanafa?"

"Siinafe. Tamvera, ndawauza kuti ndine."

"Wachita chiyani? Ayi. Sindingalole."

"Ulola. Ine andikalipira sabata imodzi n'kuiwala. Iwe sadzakukhululukira mpaka kumanda. Mawa udye, umwetulire, uyamikire mbatata za Anti, basi. Lonjeza."

Anausa moyo.

"Ndalonjeza," anatero ndi mawu a munthu wodwala dzino.

*

Lamlungu anafika 1 koloko isanakwane, atavala shati yoyera, maluwa a Anti ali m'manja. Ankaoneka bwino moti ndinalakalaka kumubisa. Ndinamulowetsa m'chipinda chodyera, ndipo mtima wanga unagwa. Pa mpando wa kumanja kwa bambo panali Kester, tsitsi atapesa.

"Ndamuitana ndine," anatero bambo, akunola mpeni. "Anatithandiza dzulo. A Pell, khalani apo."

"Zikomo, bambo."

"Bwana wa kamera!" anatero Kester. "Nsapatozo n'zoyera bwanji. Mwauluka pobwera?"

"Kester, idya," anatero Anti. "Pakamwa pakakhala chakudya sipalakwa."

Bambo anadula nyama mwakachetechete n'kugawira aliyense. Anti anathira msuzi.

"A Pell," anatero bambo, "nkhosa ili ndi mano angati akutsogolo, m'mwamba?"

"Sindidziwa, bambo."

"Ilibe." Anatafuna. "Bola mwavomera. Ena akanatchula nambala."

Ndinapuma. Zinkayenda! Tobias anayamikira mbatata, Anti anasungunuka, ngakhale Gyp anaika mutu pa bondo lake. Kenako bambo anaika foloko pansi.

"Popeza tonse tili pano, ndinene. Munthu wobadwira pa famu ino, n'kutseka geti la madzi dzuwa likuswa mtengo, ndiye kuti mutu wake uli kwina. Sindingamusiyire nkhosa zomwe mayi ake anavutikira. Kuyambira mawa busa lakumtunda aziyang'anira Kester. Thea azisamala nkhuku."

Zinandibaya. Nkhosa zimenezo ndazibereketsa ndekha m'chisanu, ndimazidziwa imodziimodzi. Koma ndinangoti, "Chabwino, Adadi." Ndinaona nkhope ya Tobias ikusintha, ndiye ndinatambasula mwendo pansi pa tebulo n'kumuponda mwamphamvu kuti akhale chete.

"Aaa! Phazi langa!" Amene anakuwa ndi Kester.

Tobias anali ataimirira kale.

"Bambo Raistrick, geti ndinatseka ndine."

"Tobias!"

"Ayi, Thea, pepa, lonjezo limeneli landikanika. Bambo, ndinalipeza lotsekula, ndinaganiza kuti wina waiwala. Chimwala ndinagubuduza ndine, chingwe ndinamanga ndine, ndipo ndinachoka ndikudzitama. Thea sanadziwe mpaka madzulo. Mukafuna kundithamangitsa ndipita, koma nkhosa musamulande."

Anti anatsala atanyamula supuni m'mwamba. Ine ndinatseka maso, ndikudikira chimphepo.

Bambo anapisa m'thumba, anatulutsa chingwe chija, n'kuchiika pafupi ndi mbale ya Tobias.

"Khala pansi, mnyamata. Nyama ikuzizira."

Tobias anabwerera pa mpando.

"Mwana wanga anaphunzira kumanga mfundo asanadziwe kulemba dzina lake. Ndinadziwa dzulo lomwe. Ndimangofuna kuona ngati ungadye nyama yanga n'kumeza, iye atakusenzera mlandu." Anamuloza ndi mpeni. "Ndiwe mbuli, zimenezo tagwirizana. Koma umbuli umachizika. Mantha ndi amene sachizika."

"Clifford, ndiwe mfiti," anatero Anti, akupukuta misozi ndi nsalu ya mbale.

"Sindinamalize. Ukufuna mwana wanga?"

"Kwambiri, bambo."

"Ndiye udzakhale pano. Kuyambira Okutobala mpaka mu Epulo, nkhosa yomaliza itabereka. Chipinda cha pamwamba pa khola chilipo. Udzaone chisanu chathu, udzadziwe geti lililonse ndi chifukwa chake. Ukadzakhala ukadalipo mu Epulo, tidzapita limodzi kwa abusa a mpingo kukalembetsa ukwati."

Sindikumbukira kuti ndinazungulira bwanji tebulo. Ndinangopezeka nditawakumbatira bambo m'khosi, ndikuwapsompsona pa dazi, iwo akuti, "Iwe, iwe, msuzi utayika!" Ndinatulutsa mphete m'thumba n'kuivala pomwepo.

"Ho! Mpaka mphete?" anatero bambo. "Anthu inu munayamba kale kudya musanapemphere."

"Avomera, Tobias! Wamva? Avomera!" Ndinkalumpha ngati kamwana. "Ndikuphunzitsa zonse. Pofika Khirisimasi udzakhala ukumanga mfundo kuposa Kester!"

Chimwemwe chinanditseka m'maso, moti sindinaone msanga kuti m'nyumba monse munthu mmodzi yekha sankaseka, ndipo munthuyo sanali Kester. Tobias ankayang'ana m'mbale, milomo itauma.

Kester anakankhira mpando kumbuyo n'kutulutsa foni. Ankamwetulira ngati munthu amene watola chikwama.

"Pepani a Clifford, mwati Okutobala? Okutobala wake uti?"

"Kester, usayambe," ndinatero.

"Ayi, ine ndimangotsatira ntchito za bwanawa pa intaneti. Ndimakonda zithunzi, mwaona. Anthu osindikiza mabuku amene awalemba ntchito alengeza Lachisanu." Anakonza kukhosi n'kuwerenga pang'onopang'ono, kuti liwu lililonse lifike. "Wojambula wathu Tobias Pell anyamuka pa 1 Okutobala kupita ku Portugal ndi ku Spain, komwe akakhale miyezi isanu ndi iwiri akujambula mabwinja a nyumba za amonke." Anaika foni pa tebulo. "Zabwino zonse, achimwene."

Ndinaseka. Ndithu ndinaseka, poyembekeza kuti Tobias aseka nane.

"Tobias, n'zoona?"

"Ndimafuna ndikuuze tikachoka pano."

"Unasaina liti?"

"Lachinayi."

Lachinayi. Anagwada pamaso panga Loweruka, pepala atasaina kale.

"Thea, tamvera, si mmene zikumvekeramo." Anaimirira, akuyankhula mofulumira, maso akuwala ngati akundipatsa mphatso. "Ntchito imeneyi ndaidikira zaka khumi. Koma sindimafuna kukusiya, ayi. Ndinawauza kuti popanda iwe sindipita, ndipo avomera. Matikiti ndi awiri, Thea. Tipita tonse."

Anti anakhala pansi mwakachetechete. Ngakhale Kester anasiya kumwetulira.

Bambo sanakalipe. Anaika mpeni ndi foloko pamodzi pakati pa mbale, nyama isanathe. Anayang'ana pa zenera, kumtunda komwe nkhosa zinali mbuu pa phiri, kenako anatembenuka. Sanamuyang'ane Tobias. Anayang'ana ine, ndipo kwa nthawi yoyamba ndinaona kuti bambo anga akalamba.

"Awiri," anatero chapansipansi. "Ndiye pano atsala ndani, mwana wanga?"